Kumbuyo kwa logo kukukana kusintha mtundu nditapanga trace

Nkhwazi_09
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi logo imene andipatsa ili JPEG: mbalame yofiira yotambasula mapiko, pansi pake zilembo zakuda, kumbuyo konse koyera. Eni ake akufuna ikhale pa buluu woderako, #0B1F4B, ndipo zilembozo zikhale zoyera. Ndaipanga trace mu Inkscape (kusandutsa chithunzi cha timadontho ta ma pixel kukhala chojambula cha mizere, chotchedwa vector) ndipo yatuluka bwino, ndikamaikulitsa siikuphwanyikanso. Vuto lili kumbuyoku. Ndalowa mu Document Properties ndasintha mtundu wa tsamba, tsambalo lasandukadi buluu, koma logoyo yatsala m'kabokosi koyera pakatikati. Ndikadina kabokosiko kuti ndikapatse mtundu, zonse zikusanduka buluu, mbalame ndi zilembo zomwe. Ndithandizeni abale.

Kadzidzi
Musanachite china chilichonse, gwirani logoyo ndi mausi muikokere pambali. Inkscape ikapanga trace sichotsa chithunzi choyambacho, imangoika chatsopano pamwamba pake ndendende. Nthawi zambiri choyera chimene munthu akulimbana nacho chimakhala JPEG yomwe ija ili pansi.

Nkhwazi_09
Ndakoka. JPEG inalidi pansi, ndaisunthira kutali. Koma kabokosi koyera kayenda limodzi ndi chimene ndakokacho.

Kadzidzi
Ndiye kuti popanga trace munasankha Multicolor, ya mitundu yambiri, osati Single scan, ya mtundu umodzi. Mukadina logoyo, pansi penipeni pa windo pakulembedwa chiyani?

Nkhwazi_09
Pakuti Group of 8 objects.

Gogo_Bezier
Basi yankho ndi lomwelo. A Nkhwazi, mawu oti "kumbuyo" akukusokonezani chifukwa mu fayilo yanuyo muli zinthu zitatu zosiyana zimene zonse zikuoneka ngati kumbuyo. China ndi JPEG ija a Kadzidzi akuchotsetsani. China ndi mtundu wa tsamba umene mwasintha, koma umenewo si gawo la chojambula chanu, uli ngati tebulo chabe pomwe mwayala ntchito. Chachitatu ndi chimene chakuvutanichi: chidutswa choyera chimene trace yajambula yokha.

Trace siidziwa kuti ichi n'chakumbuyo, ichi ndi mbalame. Imangoona mitundu. Mwaiuza kuti ipeze mitundu 8, yapeza 8, ndipo woyera ndi umodzi mwa iyo. Yajambula woyerawo ngati chidutswa chachikulu cha makona anayi, kenako yamanga zidutswa zonse 8 m'gulu limodzi. N'chifukwa chake mukapereka mtundu zonse zikusintha: mukupenta gulu lonse nthawi imodzi.

Dinani logoyo, kenako Ctrl+Shift+G kuti mumasule gululo. Dinani pambali kuti musiye zonse, kenako dinani pakona pa choyeracho, kutali ndi mbalame. Tsopano mwagwira chidutswa chimodzi chokha. Mukhoza kuchipatsa #0B1F4B mu Fill and Stroke, yomwe imatseguka ndi Shift+Ctrl+F, kapena kungochichotsa. Ine ndimakonda kuchotsa n'kujambula changa ndi Rectangle tool, n'kudina End kuti chitsike pansi pa zonse, chifukwa chimene trace yajambula nthawi zina makona ake sakhala akuthwa bwino komanso chimathera pomwe JPEG inathera, pamene inu mungafune malo okulirapo kuzungulira logoyo.

Mphenzi_ya_AI
Ntchito yonseyi chifukwa cha Inkscape. Mu Illustrator ndi Image Trace, chongani Ignore White (mu yatsopano imatchedwa Ignore Color), dinani Expand, mwamaliza.

Mwana_wa_Linux
Yayambika. Achimwene, ndi Inkscape yomwe ili ndi kabokosi ka Remove background pa Multicolor pomwepo. Kuchonga kamodzi, chidutswa chapansi chija sichibweranso.

Nkhwazi_09
Zikomo Gogo, ndamasula ndipo choyera chachoka, buluu walowa. Koma abale, tsopano zaipa kuposa poyamba. Mbalame yazunguliridwa ndi kamzere kotuwa ngati chifunga, zilembo nazonso chimodzimodzi, ndipo pakati pa zilembozo pali timadontho toyera tobalalika paliponse. Pa zoyera zija sizimaoneka n'komwe.

Kadzidzi
Zinalipo kale, kungoti choyera pa choyera sichioneka.

Gogo_Bezier
Apa ndiye pamene pali ntchito yeniyeni, kuchotsa bokosi kuja kunali kuyamba chabe. Logo yanu ili ndi mitundu itatu: wofiira, wakuda, woyera. Inu mwapempha 8. Isanu yotsalayo pulogalamu yaitenga kuti? M'mphepete. Chithunzi cha ma pixel chilichonse chimasalaza mphepete mwa zinthu posakaniza mitundu iwiri yokumanayo, kotero pakati pa mbalame yofiira ndi kumbuyo koyera pali ma pixel a pinki, pakati pa chilembo chakuda ndi choyera pali otuwa. Kuwonjezera apo JPEG imapanikiza chithunzi m'timabokosi ta ma pixel 8 mulitali ndi 8 mulifupi, ndipo pafupi ndi mizere yakuthwa imasiya tizinyalala tosayera kwenikweni, ngati #F6F6F6 kapena #EFEFEF. Diso silitiona, koma trace imatitola n'kutipatsa chidutswa chaketchake. Timadontho tanuto ndi timeneto.

Ndiye palinso nkhani ya Stack, kabokosi kochonga pa Multicolor. Ikachongedwa, zidutswa zimasanjikizana ngati mapepala odulidwa ndi sizasi: loyera lalikulu pansi, pamwamba pake lotuwa locheperako pang'ono, kenako loderapo, mpaka lakuda pamwamba penipeni. Lililonse la pansi limasuzumira pang'ono m'mphepete mwa la pamwamba pake. Chifunga mukuchionacho ndi mphepete za zidutswa za pansizo. Zichotseni chimodzichimodzi. Ngati zikuvuta kuzigwira, Alt ndi kudina kumasankha chimene chili pansi pa chinzake, kapena tsegulani Layers and Objects muziona mndandanda wonse n'kumazimitsa kadiso ka chilichonse kuti muone ntchito yake musanachichotse.

Mwana_wa_Linux
Ongowonjezera pa Gogo: pa makompyuta ena a Linux, Alt ndi kudina kumakoka windo lonse m'malo mosankha chapansi. Zikatero musadabwe, gwiritsani mndandanda uja.

Bololo
Bwanji osangochotsa chonga pa Stack poyamba pomwe? Chidutswa chilichonse chikhale pachokha, palibe chosuzumira.

Gogo_Bezier
Mukhoza, koma mwasinthanitsa vuto ndi vuto. Popanda Stack zidutswa zimangogundana m'mphepete, ndipo sizigundana ndendende. Pamatsala timipata tating'ono kwambiri. Pa tsamba loyera timaoneka ngati timizere toyera, pa buluu woderayu tidzaoneka ngati ming'alu yakuda pakati pa mitundu. Pa logo ya a Nkhwazi, poti mbalame ndi zilembo sizikugundana, zikhoza kuyenda bwino. Pa chithunzi chimene mitundu yake yalumikizana, ine Stack sindiichotsa.

Chiphadzuwa_CDR
Ife a CorelDRAW tikungoonerera. PowerTRACE ili ndi Remove background, ndipo pa tabu ya Colors umatha kuphatikiza mitundu yofanana kapena kuchepetsa chiwerengero chake trace isanathe. Otuwa onsewo umawaphatikiza ndi woyera pomwepo, osadikira kukasesa pambuyo.

Mphenzi_ya_AI
Corel idakalipo?

Chiphadzuwa_CDR
Kafunseni odula zomata ndi olemba zikwangwani kuti amatsegula chiyani m'mawa.

Mwana_wa_Linux
Ndipo injini imene Inkscape imagwiritsa, Potrace ya Peter Selinger, inayamba mu 2001, Live Trace ya Illustrator isanabadwe. Live Trace inadza ndi CS2, Image Trace mukuinyadirayi ndi ya CS6, mu 2012.

Mphenzi_ya_AI
Ukalamba si luso achimwene.

Kadzidzi
Anthuni, munthu akufuna buluu kumbuyo kwa mbalame, inu mukuwerenga zaka.

Bololo
Njira yachidule ilipo. Tengani Paint Bucket, sankhani buluu, thirani pa choyeracho. Ndimatero ine.

Gogo_Bezier
Ayi a Bololo, chonde musawaphunzitse imeneyo. Paint Bucket ya mu Inkscape imayang'ana zimene zili pa sikirini nthawi imeneyo, imadzaza ma pixel ake, kenako n'kupanganso trace. Choncho ubwino wake umadalira kuti mwakulitsa chithunzi motani. Chimatuluka ndi chidutswa chatsopano cha buluu chokhala ndi bowo looneka ngati mbalame, chili pamwamba pa choyera chija, ndipo m'mphepete choyeracho chimasuzumirabe. Komanso mkati mwa O, A ndi B mumatsala moyera, muyenera kuthira chilembo chilichonse pachokha. Pa sikirini ya foni zimaoneka bwino. Zikapita pa chikwangwani chachikulu aliyense adzaona.

Bololo
Palibe anadandaulapo mpaka lero.

Chiphadzuwa_CDR
Amadandaula kwa ife odula, inu simumva.

Nkhwazi_09
Ndachotsa zotuwa ndi za pinki, chifunga chatha. Koma pabuka zina ziwiri. Diso la mbalame linali loyera, tsopano ndi labuluu. Ndipo nditasintha zilembo kukhala zoyera, zazunguliridwa ndi kamzere kofiira.

Kadzidzi
Diso lija silinajambulidwepo. Linali bowo mu chidutswa chofiira, ndipo choyera mumachionacho chinali bokosi la pansi lija likuonekera pabowopo. Mwachotsa bokosi, diso lapita nalo. Jambulani kabwalo koyera kokulirapo pang'ono kuposa bowolo, mukatsitse ndi Page Down mpaka kalowe pansi pa mbalame koma pamwamba pa buluu. Mphepete mwake mudzabisika, ndipo mawonekedwe a diso adzachokera ku bowolo monga kale.

Kadzidzi
A Mphenzi, Ignore White yanu ija ikanachitanso zomwezi. Imachotsa choyera chilichonse, siisankha kuti ili ndi diso.

Mphenzi_ya_AI
Zoona zimenezo, sinditsutsa. Pa logo yokhala ndi zoyera zofunika ine sindichonga. Ndimapanga Expand, kenako ndi Direct Selection ndimadina choyera chakunja chokha n'kuchichotsa. Mkati mwa zilembo mu Illustrator mumatsala tizidutswa toyera patokha, ndiye ndimadina kamodzi, Select, Same, Fill Color, zoyera zonse zagwidwa, kenako Shift ndi kudina pa diso kuti lituluke m'gululo, Delete. Ndipo kuti mudziwe ngati choyera ndi chidutswa kapena ndi pepala chabe, yatsani Transparency Grid ndi Shift+Ctrl+D. Pomwe pakuoneka timabokosi totuwa palibe kanthu.

Mwana_wa_Linux
Mu Inkscape ndi Edit, Select Same, Fill Color, ndipo timabokosi timeneto ndi Checkerboard mu Document Properties. Kungoti Select Same imafuna mtundu wofanana ndendende. #FFFFFF ndi #FEFEFE kwa iyo ndi mitundu iwiri.

Gogo_Bezier
Za kamzere kofiira, ndi Stack yomwe ija. Chidutswa chofiira sichinathere pa mbalame, chapitirira mpaka pansi pa zilembo, chifukwa chilichonse chodera kuposa icho chimakhala nacho pansi. Zilembo zili zakuda simukanaona. Sankhani chofiiracho, tengani Node tool, kokani bokosi kuzungulira ma node (timfundo tolumikiza mizere ya chidutswa) onse amene ali pa zilembo, muwachotse. Mbalame yokha itsala.

Bololo
Kapena Break Apart, Ctrl+Shift+K, n'kuchotsa zosafunika.

Gogo_Bezier
Ikhoza kugwira, koma chenjerani nayo. Break Apart imamasula ngakhale mabowo, bowo lililonse limasanduka chidutswa chodzaza. Diso lija litsekeka, ndipo mukaichita pa zilembo, O adzakhala chibulumwa. Mukatero muyenera kusankha chilembo ndi kamkati kake n'kudina Ctrl+K kuti bowo libwerere. Kuyambira Inkscape 1.2 ya mu 2022 muli Split Path pa menyu ya Path yomweyo, imalekanitsa zidutswa zosagundana koma mabowo n'kuwasiya momwe alili. Imeneyo ndiyo yoyenera pano.

NyerereYofiira
Ine ndalondola nkhaniyi kuyambira pamwamba ndipo ndikuona kuti mukuchiza matenda amene mukanawapewa. Ntchito yambiri imachitika musanapange trace. Tsegulani JPEG mu GIMP, pitani pa Levels, kokani kachizindikiro ka kumanja kubwera mkati mpaka zotuwa zonse zakumbuyo zisanduke zoyera mbee, ka kumanzere nakonso mpaka zakuda zide bii. Ngati chithunzicho n'chaching'ono chikulitseni kaye. Sungani ngati PNG, osati JPEG, kuti tizinyalala tisabwerere. Mukabwera ku Inkscape pemphani ma scan 3 kapena 4, osati 8. Kabokosi ka Speckles kamameza timadontho totsala mukakweza nambala yake.

Ndipo pa logo ngati iyi ine sindikhudza Multicolor n'komwe. Ndimadula chithunzi pawiri, mbalame payokha, zilembo pazokha, chilichonse ndi Single scan pa Brightness cutoff. Imayambira pa 0.45, ndipo chofiira chikamatuluka chodyekadyeka mumakweza pang'ono. Single scan imatulutsa chidutswa chimodzi chakuda chokhala ndi mabowo enieni, kumbuyo kulibe chilichonse. Mumangochipatsa mtundu umene mukufuna. Bokosi loyera, chifunga, kamzere kofiira, zonsezi sizibwera.

Bololo
Ndiye bwanji osangothira buluu mu GIMP momwemo n'kupanga trace zitatha?

NyerereYofiira
Chifukwa ma pixel a pinki aja a m'mphepete sasintha mukathira. Mudzapeza mbalame yavala mkanda wowala pa buluu, trace n'kuujambula mokhulupirika. Komanso mawa eni logo akadzati tiyeseko pa chobiriwira, mudzayambiranso. Mukakhala ndi mbalame payokha ndi bokosi lakumbuyo palokha, kusintha mtundu ndi kudina kamodzi.

Kalulu_Wojambula
Ndinene zimene ena sakonda kumva: zilembo sizipangidwa trace. Ngakhale mutasamala bwanji, mizere yoongoka imatuluka yokhotakhota pang'ono, makona amabulungika, ma E awiri m'mawu amodzi safanana. Pezani font yake mulembenso. Mbalameyo nayonso, ngati ili yosavuta, ijambuleni ndi Pen tool pamwamba pa JPEG. Trace ikupatsani ma node mazanamazana pamene dzanja likanaika ochepa chabe.

Mphenzi_ya_AI
Apa ndiye tagwirizana kamodzi.

Kadzidzi
Ine ndikutsutsako pang'ono. Font siipezeka nthawi zonse, ndipo ma logo ambiri zilembo zake anazisintha pamanja, mwendo wa R anautalikitsa, mipata anaifinya. Mukalemba ndi font yongofanana nayo, mwasintha logo ya eni ake osawauza. Kuli bwino trace yoyera bwino, n'kuongola ma node ofunika, kusiyana ndi font yachibale. Ctrl+L imachepetsa ma node, koma kamodzi kokha, mukabwereza makona amasungunuka.

Kalulu_Wojambula
Ndiye mujambule pamanja zilembozo, osati trace.

Kadzidzi
Munthu amene wafunsa lero za kumasula gulu mukumuuza ajambule S ndi Pen tool? Mumufunire zabwino.

Chiphadzuwa_CDR
Palibe amene wafunsa funso losavuta: a Nkhwazi, eni logoyo alibe fayilo yoyambirira? AI, EPS, CDR, SVG, ngakhale PDF ya kalata kapena ya chikalata chilichonse chomwe pali logoyo. Ma PDF ambiri logo imakhalamo ili vector kale, mumangotsegula n'kuitenga. Ndipo ngati akutumizirani pa WhatsApp, auzeni atumize ngati document, chifukwa ikatumizidwa ngati chithunzi imapanikizidwanso.

Nkhwazi_09
Eni ake ndinawafunsa, achemwali, akuti amene anawajambulira sakupezekanso, chomwe ali nacho ndi JPEG yomweyi. Ndatsata njira ya a NyerereYofiira, ndayambiranso ndi Single scan kawiri. Kusiyana kwake n'kwakukulu, mbalame yatuluka yosalala, diso ndaika kabwalo monga ananenera a Kadzidzi. Zilembo ndazisiya za trace, font yake sindinaipeze. Funso lina: nditatsegula SVG mu Chrome ndisanajambule bokosi la buluu, kumbuyo kunali koyera ndipo zilembo zoyerazo zinasoweka, chonsecho mu Inkscape tsamba linali labuluu. Chifukwa chiyani?

Div_ndi_Span
Chifukwa SVG payokha ilibe chinthu chotchedwa mtundu wa tsamba. Inkscape imasunga mtundu umenewo m'kachigawo kakekake mu fayilo, kotchedwa sodipodi:namedview, ndipo ma browser sakawerenga. Mukasunga ngati Plain SVG kachigawoko kamachotsedwa n'komwe. Choyera mwaona mu Chrome si cha fayilo yanu, ndi cha browser.

Mukafuna buluu ayende ndi fayilo kulikonse, ayenera kukhala chidutswa chenicheni. Bokosi lanu lija likukwanira. Kapena tsegulani SVG mu pulogalamu yolembera, muike mzere uwu pamwamba pa zojambula zonse, chifukwa cholembedwa poyamba ndicho chimakhala pansi:

`<rect width="100%" height="100%" fill="#0B1F4B"/>`

Koma ngati logoyo ikupita pa webusaiti, ine monga woika ndimakonda kulandira yopanda bokosi. Buluuyo ndimamuika ndi CSS pa malo pomwe logo ikhale. Apo ayi buluu wa bokosi ndi wa tsamba akasiyana pang'ono, bokosilo limaonekera.

Mwana_wa_Linux
Pa PNG napo samalani. Mtundu mu Inkscape umalembedwa ndi zilembo 8, ziwiri zomaliza ndi za alpha. 0b1f4bff ndi buluu wodzaza, 0b1f4b00 ndi wosaoneka. Ngati mtundu wakumbuyo pa Export uli ndi 00 kumapeto ndipo mulibe bokosi, PNG ituluka yoonekera. Ndipo JPEG siisunga kuonekera, imadzaza ndi mtundu basi.

Wosindikiza_Matisheti
A Nkhwazi, logoyi ikupita pa chiyani kwenikweni? Yankho la bokosi likudalira pamenepo.

Nkhwazi_09
Akuti pa Facebook, pa makadi, komanso pa matisheti a buluu woderayo.

Wosindikiza_Matisheti
Ndiye fayilo imodzi siikwanira. Ya Facebook ikhale PNG yokhala ndi bokosi la buluu. Ya makadi ikhalenso ndi bokosi, koma lipitirire malire a khadi ndi mamilimita 3 mbali zonse, kuti podula pasatsale kamzere koyera m'mphepete, ndipo pemphani kuona chitsanzo chosindikizidwa chifukwa buluu wodera wa pa sikirini akalowa mu CMYK, mitundu ya inki yosindikizira, amakonda kupendekera ku pepo kapena kuderatu. Ya matisheti isakhale ndi bokosi ngakhale pang'ono. Nsaluyo ndiyo kumbuyo. Mukasiya bokosi, makina odulira adzalidula, kapena tidzasindikiza buluu pa buluu n'kutuluka chigamba cholimba pachifuwa.

Pa nsalu yodera choyera ndi inki, sichibwera chokha monga pa pepala, choncho zilembo ndi diso zikhale zidutswa zoyera zenizeni, ndipo mwachita bwino kuika kabwalo kaja. Musanatumize yang'anani mu View, Display Mode, Outline. Mzere uliwonse umene mukuuona mmenemo mpeni udzaudutsa, ngakhale uli wa chinthu chimene munachibisa pochipatsa mtundu wa kumbuyo.

Nkhwazi_09
Mu Outline ndapeza timadontho tiwiri pansi pa phiko, ndatichotsa. Pa ya matishetiyo, poti zilembo zoyera sizioneka pa tsamba loyera, ndisiye mtundu wa tsamba uli buluu kuti osindikiza azione?

Wosindikiza_Matisheti
Siyani, suvulaza kanthu, koma musaudalire, chifukwa akatsegula mu pulogalamu ina sadzauona ndipo angaganize kuti mwatumiza mbalame yokha. Tumizani limodzi ndi PNG ya Facebook ija, mulembe kuti umu ndi momwe ziyenera kuonekera, ndipo dzina la fayilo ya vector linene kuti zilembo ndi zoyera.